Bingo ya pa foni yakhazika abale a maiko atatu pa mphasa imodzi

FINGOÉ — Kuno kwathu ku Maravia foni ikalira usiku, mtima umayamba wagunda munthu asanayankhe. Chifukwa chake tonse tichidziwa. Mbale wa kutali saimba chabe. Mwina kwagwa maliro, mwina wina wagonekedwa m'chipatala, apo ayi pakufunika ndalama za feteleza kapena za sukulu. Agogo anga aakazi, amene akhala m'mudzi wina kumpoto kwa Fingoé, adafika podana nayo foni. Mdzukulu akathamangira nayo kwa iwo, ankayamba ndi funso limodzi: "Wafa ndani?"

Okondedwa awerengi, lero tikambe za masewera a manambala otchedwa bingo, ndi m'mene banja lomwazikana lingawasewerere pamodzi pa foni yoonetsa nkhope, wina ali kumudzi, wina ku Tete, wina ku Lusaka, wina ku Johannesburg. Ena anganene kuti ndi zachibwana zosayenera kulembedwa m'nyuzipepala. Koma abale amene amalankhulana pa tsoka pokha amayamba kuopana, ndipo ana awo amakula osadziwana. Masewerawa apatsa banja chifukwa choimbirana foni popanda wopempha kanthu ndiponso popanda wolira. Banja lathu lidawayesa, lidalakwitsa, kenaka lidaphunzira. Zimene tidaphunzirazo ndi zimene ndikugawanani nanu.

Chimene chidatimwaza

Boma la Maravia lili pakati pa nyanja ya Cahora Bassa kumwera ndi dziko la Zambia kumpoto. Kumadzulo kuli Zumbo, kummawa kuli Chifunde. Malire a kumpotowo adadulidwa ndi Apwitikizi ndi Angerezi pa pangano lawo la 1891, osafunsa eni nthaka, ndipo adagawa pakati Achewa ndi Ansenga amene anali mbumba imodzi. Mpaka lero mafumu Achichewa a kuno amapita ku Mkaika, m'boma la Katete, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi pa mwambo wa Kulamba kumapeto kwa Ogasiti.

Kenaka idadza nkhondo. Akuluakulu akumbukira m'mene midzi idatsalira mabwinja, anthu atathawira ku Zambia. Ambiri adakakhala ku Ukwimi, malo a othawa nkhondo amene adatsegulidwa mu 1987 kudera la Petauke. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu pafupifupi 1.7 miliyoni adabwerera ku Moçambique kuchokera kumaiko oyandikana nafe. Koma sadabwerere onse. Ena anali atakwatira kumeneko, ena anali ataika makolo awo m'manda a kumeneko. Amalume anga ndi mmodzi wa otsalawo, ndipo ana awo adabadwira ku Lusaka. Pambuyo pake ntchito idatenganso ena: malasha a ku Moatize, malonda a mumzinda wa Tete, usodzi wa matemba ku nyanja, ndi maganyu a ku Joni.

Kale uthenga unkayenda ndi munthu wa panjinga, ndi kalata yopatsira woyendetsa lole, kapena ndi moni wa pa wailesi. Mafoni a m'manja adayamba m'dziko muno mu 1997 ndi mcel, Vodacom idabwera mu 2003, ndipo Movitel, imene idayamba mu 2012, idafikitsa nsanja zake kumaboma akumidzi. Lero m'midzi yambiri muli foni imodzi kapena ziwiri za WhatsApp, ngakhale kuti redi, imene anzathu a ku Zambia amati netiweki, imapezeka pachulu kapena paphiri pokha, ndipo kufupi ndi malire foni imagwira ya ku Zambia kusiya yathu.

Mu 2020 mliri wa Covid-19 udafika. Boma lidakhazikitsa malamulo a nthawi ya ngozi kuyambira pa 1 Epulo, misonkhano idachepetsedwa, ndipo kuoloka malire kudavuta. Chaka chimenecho anthu m'maiko ambiri adayamba kuchezerana ndi kusewera pa foni ndi pa kompyuta. Nafenso tidaona kuti 25 Disembala, tsiku limene dziko lathu limalitcha Dia da Família, lidzatipeza aliyense ali kwayekha. Msuweni wanga wa ku Joni ndiye adabweretsa nzeru ya bingo.

Kodi bingo n'chiyani?

Masewerawa adachokera ku loto ya ku Itália ya zaka za m'ma 1500. Dzina lakuti bingo lidafala ku Amereka pambuyo pa 1929, pamene wogulitsa zidole wina wa ku New York, Edwin Lowe, adaona anthu akusewera pa chionetsero m'chigawo cha Georgia. Iwo ankaphimba manambala ndi nyemba zouma, ndipo ankawatcha Beano. Choncho wa kumudzi amene aphimba khadi lake ndi nyemba sakuchita zaumphawi ayi, akuchita monga ankachitira oyamba aja.

Pali mitundu iwiri yodziwika. Wina uli ndi manambala 90, ndipo khadi lake lili ndi mizere itatu ya manambala asanu asanu. Wina uli ndi manambala 75, ndipo ndi umene tidasankha ife chifukwa khadi lake salivuta kujambula. Mutenge pepala la m'kope, mujambule mizere kuti patuluke timabokosi 25, tisanu m'litali, tisanu m'lifupi. Pamwamba mulembe zilembo B, I, N, G, O. Pansi pa B mulembe manambala asanu amene mwakonda kuyambira 1 mpaka 15. Pansi pa I, kuyambira 16 mpaka 30. Pansi pa N, kuyambira 31 mpaka 45, koma apa ndi anayi okha chifukwa kabokosi ka pakati penipeni ndi kaulere. Pansi pa G, kuyambira 46 mpaka 60, ndipo pansi pa O, kuyambira 61 mpaka 75.

Munthu mmodzi ndiye woitana. Iye amatola nambala m'chitini osayang'ana n'kuitchula. Amene ali nayo pa khadi lake amaikapo nyemba. Woyamba kudzaza mzere wathunthu, wotsika, wopingasa, kapena wochoka pangodya kukafika pangodya inzake, amafuula kuti "Bingo!" ndipo wapambana.

Nsolo ndi bawo ndi masewera okoma kuposa awa, zimenezo sitikana. Koma nsolo imafuna kuti nonse mukhale pa maenje amodzi. Bingo ili ndi mwayi umodzi: aliyense ali ndi khadi lake kwawo, ndipo chinthu chokha chofunika kuyenda mtunda ndi mawu a woitana. Safuna mphamvu, safuna sukulu. Agogo anga sadziwa kuwerenga kalata, koma manambala amawadziwa chifukwa cha ndalama, ndipo palibe adawabera pamsika.

Tsiku loyamba tidachita manyazi

Woitana ndinali ine, ndili ku Tete. Mlongo wanga anali ku Moatize, amalume ndi ana awo ku Lusaka, msuweni ku Joni. Kumudzi adayala mphasa pafupi ndi chulu cha kuseri kwa khola, pamene redi imagwira, ndipo foni adaitsamiritsa pa mtondo. Agogo adakhala pakati, adzukulu asanu ndi mmodzi atawazinga, aliyense ndi khadi lake ndi nyemba zake m'kambale.

Tidayamba bwino ndi moni ndi kuseka. Koma ine, poti redi ya mumzinda ndi yamphamvu, ndidayamba kuthamanga. Nambala, nambala, nambala. A ku Lusaka ankakuwa kuti ndibwereze chifukwa sankamva Chipwitikizi changa. Msuweni ankandinyoza monga achitira asuweni, kuti ndikuitana ngati kondakitala wa basi. M'phokoso limenelo palibe adaona kuti chithunzi cha kumudzi chidauma, agogo ali chikwezere dzanja. Tidapitiriza mpaka msuweni adafuula kuti wapambana.

Patapita mphindi khumi a kumudzi adabwereranso. Pa khadi la agogo panali nyemba zitatu zokha. Nthawi yonseyo iwo anali chikhalire, kudikira nambala yachinayi, akuletsa ana kuti asasokose.

"Tamaliza, agogo, pepani," ndidatero ine.

Iwo adayang'ana m'foni kanthawi. "Iwe, mwandiitanira nsima, ndiye mwadya nokha ine ndikusamba m'manja?"

Palibe adaseka. Amalume adatsokomola, nati, "Amayi, talakwa ndife. Tiyambirenso." Tidayambiranso, ndipo kuyambira tsiku limenelo tili ndi lamulo limene liposa malamulo ena onse: masewera amayenda pa liwiro la amene redi yake ndi yofooka. Wa kumudzi akaduka, tonse timaima. Woitana ntchito yake yaikulu si kutchula manambala koma kuonetsetsa kuti wa kutali kwambiri wamva.

Manambala a zilankhulo zitatu

Vuto lachiwiri lidali la chilankhulo, ndipo aliyense wa m'malire alidziwa. Tonse timalankhula Chichewa kapena Chinsenga, koma pa manambala timapatukana. Ife tidaphunzira kuwerenga m'Chipwitikizi, ana a amalume adaphunzira m'Chingerezi. Pa foni yodukaduka sessenta ndi setenta zimamveka chimodzimodzi, três ndi treze chimodzimodzi. Kwa anzathu a ku Zambia nakonso fifteen ndi fifty zimasokonekera. Munthu amaika nyemba pa 70 pamene mwatchula 60, ndipo mkangano umabuka pamapeto.

Njira yake ndi iyi. Woitana atchule chilembo choyamba, chifukwa 60 ali pansi pa G pamene 70 ali pansi pa O, 15 ali pansi pa B pamene 50 ali pansi pa G. Kenaka atchule nambala m'Chipwitikizi, abwereze m'Chingerezi, amalize m'chilankhulo chathu: makumi asanu ndi limodzi. Pomaliza aonetse nambalayo pa kamera, italembedwa mokula ndi makala kapena cholembera chakuda. Tidapeza phindu limene sitidaliyembekeze. Ana a ku Lusaka tsopano amawerenga m'Chipwitikizi mpaka 75, a kumudzi amatero m'Chingerezi, ndipo onse aphunzira kwa agogo kuwerenga kwa makolo kumene kunkatayika.

Zoyenera kukonzeratu

Choyamba ndi nthawi. Mwayi wathu ndi wakuti Moçambique, Zambia, Malawi, Zimbabwe ndi South Africa ali pa ola limodzi, kotero 4 koloko ya ku Fingoé ndi 4 koloko ya ku Lusaka ndi ku Joni. Mukakhala ndi mbale ku Lisboa, dziwani kuti mu Disembala iye ali m'mbuyo ndi maola awiri, ndipo pakati pa chaka ndi ola limodzi. Nthawi isankhidwe ndi a kumudzi, osati a m'tauni. M'dzinja m'mawa ndi wa kumunda. Madzulo, anthu ataweruka kopalira koma dzuwa lisanalowe, ndiyo nthawi yabwino, chifukwa mumdima manambala saoneka ndipo pachulu usiku pali njoka.

Chachiwiri ndi moto wa m'foni. Itchajidwe pa sola kuyambira m'mawa, makamaka masiku a mitambo, ndipo achinyamata asaimalize ndi nyimbo nthawi isanakwane. Foni yoonetsa nkhope imadya batire msanga.

Chachitatu ndi megasi, amene a ku Zambia amati mabandulo. Si chilungamo kuti wa kumudzi agulitse nkhuku kuti aseke ndi abale ake. Amene ali pa ntchito atumize megasi dzulo lake. Kuti asathe msanga, onse atsegule makamera pa moni woyamba ndi pa kutsanzikana, koma pakati pa masewera kamera ikhale ya woitana yekha. Redi ikavutitsitsa, zimani makamera onse, museweretse mawu okha, ndipo wina alembe nambala iliyonse m'gulu la WhatsApp kuti woduka akabwerera aipeze.

Chachinayi ndi chiwerengero cha mafoni. Pamene tinkayamba mu 2020, WhatsApp inkalola mafoni asanu ndi atatu pa kuimba kumodzi, ndipo mu 2022 adakweza kufika 32. Ena amagwiritsa ntchito Zoom, koma yaulere imaduka pakatha mphindi 40. Langizo lathu n'lakuti musachulutse. Mafoni asanu kapena asanu ndi limodzi akwana. Foni imodzi itha kutumikira khomo lonse: mwana mmodzi wa makutu akuthwa akhale pafupi nayo, azibwereza mokweza nambala iliyonse kwa onse a pa mphasa, ndipo ndi iyeyo woyankha kuti "Tamva!" Woitana asatole nambala ina asanamve "Tamva" kuchokera ku foni iliyonse.

Chachisanu ndi zipangizo za woitana. Asonkhe zitsekerero za mabotolo 75, alembe nambala m'kati mwa chilichonse, aziike m'chitini kapena m'chipewa. Azikhutchumula pamaso pa kamera kuti onse aone kuti palibe chinyengo. Chitsekerero chotoledwa achiike pambali mwa ndondomeko, kuti wina akafuula, manambala ake atsimikizidwe limodzi limodzi.

Chachisanu ndi chimodzi ndi makhadi. Aliyense ajambule khadi lake ndi bolopeni, osati pensulo, ndipo masewera asanayambe alijambule chithunzi n'kutumiza m'gulu. Tidakhazikitsa zimenezi titagwira mphwanga wina akusintha 8 kukhala 3 ndi malovu. Kumudzi chithunzi chimodzi cha makhadi onse ataikidwa pa mphasa chikwana.

Chomaliza ndi ichi: mawu a pa foni amafika mochedwa kwa ena. Wa ku Tete atha kufuula msanga pamene wa kumudzi adadzaza mzere pa nambala yomweyo. Choncho wina akati "Bingo", woitana adikire, afunse khomo lililonse. Onse amene adzaza pa nambala imodzi apambana pamodzi. Amene sakulankhula atseke maikolofoni, apo ayi tambala wa kumudzi ndi mahutala a ku Lusaka ndiwo adzamveka.

Ndalama zisalowepo

Apa, abale, mpofunika kuchenjera. Kumaiko ena bingo ndi juga ya ndalama, ndipo muno m'dziko masewera a ndalama ali ndi malamulo ake, amafuna chilolezo, ndipo amayang'aniridwa ndi Inspecção Geral de Jogos. Koma ngakhale lamulo likadakhala chete, nzeru ikadatiletsa. Taona kale m'misika mwathu anyamata akutaya ndalama za fodya ndi za chimanga pa kandege ka pa foni. Tisatsegule khomo limenelo ndi dzanja lathu, pamaso pa ana.

M'banja mwathu wina adanenapo kuti aliyense aziponya kandalama kochepa pa M-Pesa kapena e-Mola, wopambana azitenga zonse, kuti masewera akome. Amalume adakana. Adati tsiku limene ndalama idzalowe, wa kumudzi amene alibe adzayamba kupepesa kuti foni yafa, wopambana adzakayikiridwa, ndipo woitana adzatchedwa wokondera. Pamenepo foni idzabwerera ku ntchito yake yakale ya kudandaula ndi kulonjerera ngongole.

Mphotho zathu n'zina. Wopambana amasankha nyimbo yakuti onse aimbe. Kapena amalamula msuweni wake avine pamaso pa kamera. Kapena amafunsa agogo funso limodzi la kale, ndipo iwo sakana kuyankha. Mwa njira imeneyi ana a ku Lusaka adamva koyamba m'mene agogo awo adayendera usiku kuthawa nkhondo, atabereka mwana, mbuzi atazisiya m'khola. Adamvanso maina a makolo ndi mfunda wawo, zinthu zimene palibe akadaziyamba pa foni ya maliro.

Chenjeraninso ndi akuba. Masewera a banja amaitanidwa ndi mbale amene mumadziwa mawu ake. Uthenga wochokera ku nambala yachilendo wonena kuti mwapambana bingo kapena mphotho, ndipo mutumize ndalama kapena nambala yanu yachinsinsi kuti mulandire, ndi msampha. Munthu sapambana masewera amene sadasewere. Nambala yachinsinsi ya M-Pesa, e-Mola kapena mKesh isaperekedwe kwa munthu aliyense.

Si a banja okha

Nzeru yomweyi ingathandize magulu ena. A kwaya amene anzawo adasamukira ku Tete, a gulu la alimi la ku Chiputo kapena Malowera, anzake a sukulu amene adabalalika, onsewa atha kukumana kamodzi pa mwezi. Aphunzitsi a makalasi oyamba angaone kuti khadi la bingo limaphunzitsa mwana kuzindikira manambala mosavuta, ngakhale popanda foni. Chofunika ndi munthu mmodzi wodekha wovomera kukhala woitana, ndipo udindowo uzizungulira. Tsiku limene woitana adali mdzukulu wa kumudzi, ataima pachulu ndi chitini chake, a m'tauni ndi amene adaphunzira kudikira.

Tisanamizane, foni silowa m'malo mwa ulendo. Siingalime munda wa agogo, siingafolere denga, siingakhale pa maliro. Amene angathe kupita kwawo apite. Koma akulu adati apao ndi mizu ya kachere, akumana pansi. Mizu imeneyi imafuna chinyontho chaka chonse, osati pa tsiku la misozi lokha.

Ife timasewera Lamulungu loyamba la mwezi, 4 koloko madzulo, masewera atatu basi, kuti batire itsale ya mawa. Agogo adasunga khadi lawo loyamba lija m'chitini cha mbewu, ndipo amakana kujambula lina, ati limenelo ndi lawo. Apambanapo kawiri. Mwezi wathawu foni idalira kumudzi usiku, anali amalume ofuna kudziwa za mvula. Mdzukulu atathamangira nayo, agogo adafunsa kuti, "Kodi Lamulungu lakwana kale? Tanditengera nyemba zanga."

Ngati m'mudzi mwanu muli foni imodzi yogwira redi, pepala la m'kope ndi nyemba zodzaza dzanja, zipangizo muli nazo kale. Imbirani abale anu, muwauze tsiku, ndipo mukayamba, dikirani wa pachulu anene kuti wamva.